Chithunzi Chomaliza pa Filimu ya Boma

Ana anga ndi adzukulu anga, za ubwana wanga kwa Kakumbi ndinakufotokozerani kale pakamwa, ndipo sindizibwereza pano. Ndiyambira pomwe ndinavala yunifomu. Masiku ano aliyense wa inu ali ndi foni yojambula, ndipo mukabwera kudzandiona mumayamba kundikopa zithunzi ndisanakhale n'komwe pampando. Ine ndinagwira kamera nthawi yomwe filimu imodzi inkanyamula zithunzi twelofu basi, ndipo chilichonse mwa izo chinali cha boma. Ndikufuna mudziwe momwe ndinaphunzirira ntchito imeneyo, chifukwa zina mwa zomwe ndinaphunzira zikhoza kukuthandizani ngakhale pa mafoni anuwo. Ndikufunanso mudziwe momwe ndinaisiyira.

Chilimwe chomwe ndinalembedwa ntchito, kumayambiriro kwa zaka za m'ma sikisite

Ndinalowa usikauti, ntchito ya boma yolondera nyama za m'tchire, ndili mnyamata wosakwatira, wongodziwa kulemba dzina ndi kuwerenga manambala. Nthawi imeneyo tsidya lija la Luangwa silinkatchedwa paki monga lero. Tinkati ndi gemu lizevu, ndipo alendo obwera kudzaona nyama anali ochepa. Ananditumiza ku kampu ya m'mbali mwa mtsinje, tinyumba taudzu pansi pa mitengo ya muchenja, pomwe mvuu zinkalira ngati zili pakhonde. Mkulu wathu anali mzungu wamtali amene tinkamutcha Bwana Chipewa, chifukwa chipewa sankavula ngakhale pakudya. Anali wokalipa msanga, koma akamakuphunzitsa chinthu ankabwereza mpaka chilowe. Tsiku lina titamaliza kuphunzira kuwombera mfuti anandiitana ndekha, n'kutulutsa kabokosi kakuda ka magalasi awiri kutsogolo. Anati, "Yotamu, manja ako sanjenjemera. Kuyambira lero iwe uzinyamula ichi. Ku ofesi akufuna kuona misampha, nyama zakufa ndi minda yodyedwa. Ine ndikalemba samva, koma akaona chithunzi amakhulupirira." Ndinati, "Bwana, chinthu chimenechi ine sindinachigwirepo." Anandiyang'ana pansi pa chipewa chake n'kunena kuti, "Mfutinso sunabadwe nayo."

Kamera imeneyo sinali yoika pamaso. Unkaikoleka m'khosi, n'kuitsamiritsa pamimba, n'kuwerama kusuzumira pamwamba pake ngati munthu woyang'ana m'chitsime. Filimu yanga yoyamba inapita ku Chipata kukatsukidwa, ndipo zithunzi zitabwera Bwana Chipewa anaziyala patebulo asikauti onse ali pomwepo. Njati yomwe tinaipeza pa msampha wa waya inatuluka bii ngati chikuni chopserera, chifukwa ndinajambula nditayang'anizana ndi dzuwa. Pa chithunzi china mbidzi inaimirira pamutu pa mnzanga wina, chifukwa ndinaiwala kupukusa filimu ndipo zithunzi ziwiri zinakwerana. Anzanga anaseka mpaka misozi. Bwana sanaseke. Anatenga chimodzichimodzi kundionetsa pomwe ndinalakwa. Anati dzuwa lizikhala kumbuyo kwanga kapena cha paphewa, kuti kuwala kugwere pa chinthu chomwe ndikujambula. Anati ndikangodina, ndizipukusa filimu nthawi yomweyo, ndisanalankhule ndi munthu. Anandigwira zigongono n'kuzikanikizira m'nthiti mwanga, akuti, "Pumira kunja, gwira mpweya, dina pang'onopang'ono. Usabaye ngati ukupha nkhupakupa." Anandionetsanso kabowo kolowera kuwala: dzuwa likaswa mtengo ndizikachepetsa pa sikisitini, kukakhala mitambo ndizikatsegula pa eyiti, mumthunzi ndizikatsegula koposa pamenepo.

Mdani wamkulu wa filimu m'chigwa muno ndi kutentha. M'mwezi wa Okutobala ukasiya kamera padzuwa, chitsulo chake chinkaotcha dzanja, ndipo zithunzi zinkabwera zotuwa ngati zajambulidwa mu utsi. Ndinaphunzira kusunga mafilimu m'chitini, chitinicho n'kuchikwirira mumchenga wonyowa pansi pa mtsuko wa madzi akumwa. Poika filimu yatsopano ndinkafuna mthunzi, n'kufulatira dzuwa. Galasi likachita fumbi sindinkalipukuta ndi malaya, chifukwa mchenga wa ku Luangwa umakanda. Ndinkayamba ndaliuzira, kenako n'kupukuta ndi kansalu kofewa komwe sikankagwira ntchito ina iliyonse. Filimu ikatha ndinkaipereka kwa bwana, iye n'kuona ngati zithunzi zonse zinali za ntchito. Panalibe zojambula bwenzi kapena m'bale.

Zaka zoperekeza alendo

Alendo atayamba kuchuluka, ntchito yanga ina inakhala yowaperekeza poyenda pansi m'tchire, mfuti paphewa, kamera m'khosi. Apa ndi pomwe ndinaphunzira zambiri, osati chifukwa choti ankandiphunzitsa, koma poona momwe ankachitira. Ambiri ankafika ndi changu. Akangoona nswala chapatali ankayamba kudina, ndipo ndinkadziwa kuti kwawo akakatsuka adzapeza tchire lokha ndi kadontho pakati. Ena ankafuna kutuluka dzuwa lili pamutu, nthawi yomwe nyama zagona mumithunzi ndipo kuwala kumasandutsa zonse zoyera mbuu. Ndinkawauza kuti nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa likungotuluka, ndi madzulo likapendeka, pamene ubweya wa nyama umaoneka ngakhale tsitsi limodzi. Panali mayi wina wachikulire amene anabwera yekha, woyenda ndi ndodo. Iyeyu sankathamangira nyama. Ankasankha dziwe limodzi, n'kukhala pansi pa mvunguti, ine pambali pake, mpaka nyama zitiiwale. Nyamalikiti atabwera kudzamwa, anatambasula miyendo n'kuweramitsa khosi lija, mayiyo osadina. Ndinamunong'oneza kuti nthawi ndi imeneyi. Iye anapukusa mutu, n'kudikira mpaka nyamalikiti atadzutsa mutu madzi akudontha kukamwa, diso lake lili pa ife. Pamenepo anadina kamodzi kokha. Pobwerera ku kampu anandiuza kuti, "Funa diso. Diso likaoneka bwino, zina zonse anthu amakhululuka." Ndinaona kuti mawuwo ndi oona pa njovu, pa mbalame, ngakhale pa munthu.

Chinanso chomwe sindinkalola ndi kuyandikira mopitirira. Mlendo akasuzumira mu kamera amaiwala kuti njati ili ndi miyendo. Kangapo ndinakokapo anthu akuluakulu malaya ngati ana, ena n'kukandinenera kwa bwana kuti ndawaonongera chithunzi. Bwana Chipewa ankawamvetsera mpaka amalize, kenako n'kuwafunsa ngati abwera ndi miyendo yonse iwiri.

M'zaka zimenezi ndi momwe ndinakwatira amayi anu, Enelesi, mwana wa kwa Mnkhanya. Mwana wathu woyamba anali wamkazi, tinamutcha Belita. Inu nonse munabadwa pambuyo pake, ndipo palibe mmodzi wa inu amene anamuona. Anali mwana wokonda kufunsa. Ndikamapukuta kamera pakhonde ankabwera kudzakhala pamwendo panga, n'kusuzumira pamwamba paja, n'kuona amake akusinja ali mkati mwa kabokosi. Ankaseka n'kufunsa kuti, "Atate, amama alowa bwanji umu?" Kangapo konse amake anandipempha kuti ndimujambule. Ine ndinkati tidikire, tsiku lina tidzakwera lole kupita ku Chipata tonse atatu, tikajambulidwe kwa wojambula weniweni, titavala bwino. Koma ku Chipata kunali kutali, ndipo nthawi iliyonse ya tchuthi inkapeza china chofunika kuposa chithunzi.

Chaka chomwe anandisamutsira kwa Mnkhanya

Bwana Chipewa atabwerera kwawo, malo ake anatenga a Sakala, munthu wakuda mnzathu amene anakwera kuchokera pa usikauti. Anali wofatsa polankhula koma wosasintha mawu. Ananditumiza ku kampu yaing'ono ya kwa Mnkhanya, kunja kwa gemu lizevu, komwe ntchito yaikulu inali yothamangitsa njovu m'minda. Enelesi anakondwa chifukwa kunali kwawo, pafupi ndi achimwene ake a Pitala, omwe monga mwa mwambo wathu anali ndi mawu aakulu pa mwana wathu. Koma chaka chimenecho chinali cha kusowa. Nsapato zinang'ambika osabwera zina. Zipolopolo zoopsezera njovu tinkapatsidwa zochepa, moti nthawi zambiri tinkathamangitsa ndi zitini ndi miyuni ya udzu limodzi ndi eni minda. Mafilimu omwe kale ankabwera angapo nthawi imodzi anayamba kubwera imodzi imodzi, kenako anasiyiratu. Kamera inakhala miyezi m'bokosi, ine n'kumangoitulutsa kuti isachite nkhungu.

Mvula inabwera yambiri. Dothi lakuda lija la kwathu linasanduka phala, galimoto ya kampu yaikulu inasiya kufika, ndipo mtsinje wa Lupande unadzaza mpaka m'mitengo. Mapira ndi chimanga zinakula bwino, anthu n'kuyamba kunena kuti chaka chino nkhokwe zidzachepa. Njovu nazo zinaona zomwezo. Zinayamba kulowa m'minda m'magulu akuluakulu kuposa omwe ndinawaonapo, ndipo asikauti tinalipo ochepa kwambiri pa midzi yambiri chotero.

Febuluwale wa chaka chimenecho

A Sakala anafika pa kampu yathu wapansi, matope mpaka m'mawondo, atakankha njinga ulendo wonse. Titapatsana moni anatulutsa m'thumba la malaya filimu imodzi yokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Anandiitana ndi dzina la makolo anga n'kunena kuti, "A Chulu, iyi ndi yomaliza. Ina sibwera mpaka msewu utauma. Ndalemba ku ofesi kupempha asikauti ena ndi zipolopolo, andiyankha kuti chaka chilichonse timalira chimodzimodzi. Ndikufuna aone ndi maso awo. Muyende midzi yonse yomwe njovu zalowa, mudzi uliwonse chithunzi chake. Koma chomaliza musungire mudzi wa a Lameki kutsidya kwa dambo. Kumeneko njovu zagwetsa nkhokwe ndi nyumba yomwe. Chimenecho ndi chomwe chidzawagwedeze." Ndinavomera. A Lameki ndinkawadziwa, bambo wa ana ambiri, amene mudzi wawo waung'ono unali kumapeto kwenikweni, kumalire ndi tchire.

Ndinayamba ulendo wa m'minda. Munda wodyedwa ndi njovu ndi wovuta kujambula, chifukwa pa pepala umangooneka ngati udzu wogona. Ndinkapempha mwini munda kuti aime pakati, kuti woona adziwe kukula kwa malowo poyerekeza ndi munthu. Ndinkafuna phazi la njovu m'matope, n'kuika khasu pambali pake. Mayi wina wamasiye nditamupempha kuti aime m'munda mwake anandifunsa kuti, "Ndiseke kapena ndilire?" Ndinati angoima monga alili. Anaima atanyamula phesi limodzi la mapira lomwe linatsala, ndipo ndinadina. Madzulo aliwonse ndinkabwerera kunyumba, ndipo madzulo aliwonse ndinkapeza Belita atafooka kuposa dzulo lake. Malungo anamuyamba ndisanayambe ulendowo. Mapiritsi omwe tinali nawo pa kampu anatha, a Pitala anabweretsa mizu, koma thupi silinkazizira. Chipatala cha mishoni chinali cha kwa Jumbe, ndipo pakati pathu ndi kumeneko panali madzi. Tinagwirizana kuti Lupande akangotsika pang'ono timunyamule.

M'mawa womwe ndinkayenera kupita kwa a Lameki, ndinayang'ana pa kawindo kofiira ka kumbuyo kwa kamera n'kuona nambala twelofu. Ndinali nditamanga kale nsapato pamene Enelesi anatuluka m'nyumba n'kuima patsogolo panga. Amayi anu sanali munthu wotsekereza mwamuna njira. Anati, "Atate ake Belita, mwatsala ndi zingati?" Ndinati chimodzi. Anati, "Mukopeni mwanayu." Ndinati, "Amake Belita, filimu iyi si yanga. Chatsalachi n'cha kwa a Lameki, ndipo anthu kumeneko akundidikira." Iye anati, "Mwajambula njati zakufa, mwajambula mapazi a njovu m'matope. Mwana wanu alibe chithunzi ngakhale chimodzi. Ine ndi amene ndimamugwira thupi, ndikudziwa zomwe ndikuona." A Pitala anali atakhala pa mpando pafupi ndi khola la nkhuku, ndipo atamva anaimirira. Anati, "Alamu, musachite zimenezo. Mwana wodwala sajambulidwa. Mukufuna kumutsanzika ali moyo? Dikirani achire, mudzamukope akuthamanga." Enelesi sanawayang'ane achimwene akewo. Anangoyang'ana ine.

Ndinakhala pa khonde kamera ili pamiyendo. Ndinaganiza za a Lameki ndi ana awo, ndi nkhokwe yawo yogwa. Ndinaganiza za a Sakala akukankha njinga m'matope chifukwa cha filimu imeneyi. Ndinaganizanso kuti a Pitala mwina akunena zoona, ndipo ndikadina ndiye kuti ndavomereza chinthu chomwe mtima wanga unkakana. Kenako ndinamva mwana akutsokomola m'nyumba. Ndinaimirira n'kuuza Enelesi kuti amutulutse panja. Iye anati ndi wofooka, ndimujambulire pamphasa pomwepo. Ndinati m'nyumba muli mdima, chithunzi chidzatuluka chakuda, ndipo mwayi wachiwiri palibe. A Pitala anatenga chipewa chawo n'kuchoka osatsanzika.

Tinayala mphasa pansi pa msikizi wa pabwalo, chakumapeto kwa mthunzi komwe kuwala kunali kofewa, kuti dzuwa lisamuthobwe m'maso. Amake anakhala pansi n'kumutsamiritsa pachifuwa. Ndinatsegula kabowo ka kuwala monga ndinaphunzirira, n'kugwada kuti kamera ikhale pa msinkhu wake, pakuti mwana ukamujambula utaimirira amaoneka ngati ukumupondereza. Ndinapotokola kachitsulo mpaka maso ake ataoneka bwino pa galasi, koma anali otseka. Ndinadikira. Ndinakanikiza zigongono m'nthiti mpaka kuwawa, monga Bwana Chipewa anandiphunzitsira. Ndinamuitana kuti, "Belita, taona kuno. Lero walowa ndiwe m'kabokosi." Anatsegula maso, n'kuyang'ana kamera, milomo n'kuyamba kumwetulira pang'ono. Ndinagwira mpweya n'kudina.

Masana a tsiku lomwelo tinamva kuti madzi ayamba kutsika. Tinamanga machira, ndipo a Pitala, ngakhale anali atakwiya, anabwera n'kugwira kutsogolo. Titafika pa Lupande tinapeza madzi akadali othamanga, mitengo ikuyandama, mwini bwato akukana kuwolotsa. Tinakhala pagombe kudikira pamodzi ndi anthu ena. Belita anapempha madzi, anamwa pang'ono, n'kugona pamiyendo pa amake. Dzuwa lisanalowe Enelesi anandiitana ndi dzina langa lenileni, zomwe sankachita, ndipo ndinadziwa. Tinabwerera ndi machira omwewo. Pamaliro a Pitala sananene kanthu za kamera, koma panapita nthawi yaitali asanadyenso m'nyumba mwanga.

Msewu utauma

Maliro atatha ndinapita ndekha ku kampu yaikulu kukapereka filimu. Sindinafune kuti a Sakala adzadziwire pa tebulo. Nditawafotokozera anati, "Pepani ndi maliro, a Chulu. Inenso ndinaikapo mwana. Koma mukudziwa kuti kwa a Lameki ndilibe choonetsa?" Ndinati ndikudziwa. Anati, "Ku ofesi akaona mwana pa filimu ya boma adzafunsa, ndipo ine sindinama. Kamera muisiye pano." Ndinaivula m'khosi n'kuiika patebulo, pamodzi ndi kansalu kake kopukutira.

Zithunzi za minda zinagwira ntchito. Asikauti ena anabwera ndi zipolopolo, koma anali ochepa, ndipo ofesi inalamula kuti aikidwe m'midzi yomwe inaoneka pa zithunzi. Mudzi wa a Lameki sunalimo. A Sakala anayesetsa kuwatumizira munthu mwa apo ndi apo, koma njovu zinabwereranso n'kumaliza zomwe zinatsala. Chaka chimenecho banja lawo linakhalira zipatso za m'tchire ndi ganyu, ndipo pamapeto pake anasamuka, mudziwo n'kufa. Ndinakumana nawo pa msewu wa kwa Jumbe atasenza katundu. Ndinati, "Mwaswera bwanji, a Lameki?" Anatula mtolo wawo n'kundiyankha bwinobwino. Kenako anati, "Tinakudikirani tsiku lija, a Chulu. Nkhokwe sitinaidzutse, tinaisiya chigwere kuti mudzaione momwe inalili. Ana ndinawaletsa ngakhale kutola mapira omwe anamwazika." Ndinayamba kufotokoza, koma anakweza dzanja. Anati, "Ndinamva. Mwana ndi mwana. Inenso ndikanakhala inu, kaya." Anasenzanso mtolo wawo n'kupitiriza ulendo. Mawu amenewo ndakhala nawo moyo wanga wonse. Ndikanakhala pa khonde lija kachiwiri ndikanachitanso chimodzimodzi, koma ndikufuna mudziwe kuti chithunzi cha mchemwali wanu chinalipiridwa ndi anthu ena omwe sanafunsidwe.

Ndinagwirabe usikauti zaka zambiri pambuyo pake, gemu lizevu n'kusanduka paki ine ndili pa ntchito, mpaka ndinapuma. Kamera ya boma sindinaigwirenso. Alendo ankandifunsabe poti aime ndi nthawi yoti adine, ndipo ndinkawauza, koma ndinkakana akafuna kundipatsa kuti ndiwajambule.

Chithunzi cha Belita anabweretsa ndi a Sakala eni ake, nyengo yozizira itayamba. Anachichotsa pa zinzake n'kuchiika mu envulopu, ndipo pondipatsa anangoti, "Ichi si cha ofesi." Ndinatsegula iwo atapita. Chinatuluka bwino kuposa chithunzi chilichonse chomwe ndinajambulapo. Maso ake anali owala, akuyang'ana mwachindunji, ndipo kumbuyo kwake kunkaoneka dzanja la amake litamugwira paphewa. Nditapita nacho kwa Enelesi anatembenuka n'kunena kuti, "Sungani. Sindinakonzeke." Ndinachikulunga m'nsalu n'kuchiika m'chitini chija chomwe kale ndinkasungiramo mafilimu. Mvula ina inabwera n'kupita, iye osachifunsa. Iwe Yosefe, mwana wathu wachiwiri, unabadwa, iye osachifunsabe.

Tsiku lina masana, atamaliza kukuyamwitsa n'kukugoneka, anabwera pomwe ndinkasoka nsapato n'kukhala pansi pafupi nane. Anati, "Atate ake Belita, bweretsani ndimuone." Ndinakatenga chitini. Anapukuta manja pa chitenje, n'kulandira chithunzicho ndi manja awiri monga amalandirira mwana. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chake chikuyenda m'mphepete mwa pepala, osakhudza nkhope. Ndinkayembekezera kuti alira, koma anayamba wamwetulira. Kenako anati, "Taonani tsitsi lake. Mukanandiuza kuti ndimupese kaye." Ndinati nthawi inalipo, koma palibe amene anaganizako. Anagwedeza mutu, n'kukweza dzanja ngati akufuna kulikonza tsitsilo pa pepala pomwepo, ndipo dzanjalo linaima m'malere. Pamenepo ndi pomwe analira, ine n'kusiya nsapato n'kulira naye, mpaka iwe unadzuka m'nyumba ndipo anapita kukakunyamula.